Mwala Ukabwerera: Mmene Akatswiri Anadziwira za M'kati mwa Atomu Asanaione

Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya sayansi ku sekondale amachikumbukira chithunzi chija: kadontho pakati, mizere yozungulira ngati malimu a njinga, ndi timadontho tina titakhala pamizerepo. Aphunzitsi amajambula pabolodi, ana amakopera m'makope, mayeso akafika amajambulanso. Funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti, kodi anaiona ndani atomuyo kuti aijambule chonchi?

Palibe anaiona. Maatomu a haidirojeni pafupifupi 10 miliyoni mutawandandalika pamzere angokwana milimita imodzi, ndipo maikulosikopu wamba sangathandize chifukwa funde la kuwala kumene maso athu amaona ndi lalikulu kuposa atomu maulendo masauzande. Zimene tikudziwa za m'kati mwa atomu zinadziwika monga mmene munthu amadziwira kuya kwa chitsime usiku: amaponyamo mwala n'kutchera khutu. Akatswiri ankaponya tinthu pa maatomu n'kuwerenga zimene zadutsa, zimene zakhota ndi zimene zabwerera. Chithunzi cha pabolodi chija n'cha 1913, ndipo eni ake anachisiya zisanathe zaka 15.

Maganizo akuti zinthu zonse zinapangidwa ndi tinthu tosagawika ndi akale. Democritus wa ku Greece anawaphunzitsa zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo mawu akuti atomu amachokera ku liwu lachigiriki lotanthauza chinthu chosadulika. Koma iye ankangoganiza, analibe choyezera. Amene anabweretsa sikelo pankhaniyi ndi John Dalton, mphunzitsi wa ku Manchester, cha m'ma 1803. Ankayang'ana mmene zinthu zimaphatikizirana: magalamu 12 a kaboni amagwirana ndi magalamu 16 a okosijeni n'kupanga mpweya wina, kapena ndi magalamu 32 n'kupanga wina, koma sagwirana ndi 20 kapena 25. Chinthu chimene chimabwera ngati 16 kapena 32 basi chiyenera kuti chimabwera m'timibulu tathunthu. Kwa Dalton, atomu inali kampira kolimba, kopanda zam'kati, ndipo elementi iliyonse, kutanthauza chinthu chosasakanikirana ndi china monga kaboni kapena okosijeni, inali ndi mtundu wake wa kampirako. Maganizo amenewa anakhala zaka pafupifupi 90 osagwedezeka.

Anagwedezeka m'chubu cha galasi. Akatswiri a m'zaka za m'ma 1800 ankakonda kupopa mpweya m'chubu, kuika zitsulo ziwiri kumapeto kwake n'kulumikiza magetsi amphamvu. Galasi la mbali ina linkawala mobiriwira, kusonyeza kuti pali china chake chimene chikuchoka ku chitsulo cha negetivu n'kudutsa m'chubumo. Ambiri ku Germany ankati ndi mafunde ofanana ndi kuwala. Ambiri ku Britain ankati ndi tinthu. A ku Germany anali ndi umboni wawo: Heinrich Hertz anayesa kukhotetsa chezacho ndi mbale ziwiri za magetsi, osakhota. Chinthu chokhala ndi chaji, khalidwe la magetsi la pozitivu kapena negetivu limene limachititsa zinthu kukokana kapena kukankhana, chikanakhota.

J.J. Thomson, mkulu wa Cavendish Laboratory ku Cambridge, anakayikira kuti vuto linali mpweya wotsalira m'chubu, umene unkaphimba mphamvu ya mbalezo. Mu 1897, atapopa mpweya kwambiri kuposa mmene Hertz anachitira, cheza chija chinakhota, ndipo chinakhotera ku mbale ya pozitivu. Ndiye kuti tinali tinthu ta chaji ya negetivu. Kenako anachita chanzeru: anaika maginito okokera chezacho mbali ina pamene magetsi akuchikokera mbali inzake, n'kumasintha mpaka mphamvu ziwirizo zitafanana ndipo cheza chikuyendanso mowongoka. Pamenepo anapeza liwiro la tinthuto, ndiponso kuchuluka kwa chaji poyerekeza ndi kulemera kwake. Nambala imene inatuluka inasonyeza kuti kanthu kamodzi n'kopepuka kuposa atomu ya haidirojeni, yopepuka kwambiri pa maatomu onse, maulendo oposa 1,000. Lero tikudziwa kuti ndi maulendo pafupifupi 1,836.

Chimene chinamanga mfundo si nambala yokhayo ayi. Thomson anasintha mpweya wa m'chubu, anasinthanso chitsulo, koma tinthu totuluka tinali tomweto. Ngati aluminiyamu ndi pulatinamu zikutulutsa kanthu kofanana, kanthuko kali m'maatomu onse. Chosadulika chija chinali chitaduka. Iye ankatitcha ndi dzina lina, koma dzina limene linakhazikika ndi elekitironi, limene George Johnstone Stoney wa ku Ireland anali atapeka kale mu 1891. Amene munaonerapo wailesi zakanema zakale zija za chimsana chachikulu munkayang'ana chubu cha mtundu womwewu: maelekitironi ankaponyedwa kuchokera kumbuyo, maginito n'kumawakhotetsa kuti ajambule chithunzi pagalasi.

Tsono atomu yonse ilibe chaji, choncho payenera kukhala pozitivu wina wolipira negetivu wa maelekitironi. Ali kuti? Mu 1904 Thomson anapereka chithunzi chake: pozitivu wamwazika mofanana mu atomu yonse, ndipo maelekitironi akhala apa ndi apo m'kati mwake, ngati njere m'chivwende. Anthu ambiri masiku ano amachiseka chithunzichi, koma sichinali chopusa. Chinkagwirizana ndi zonse zimene zinkadziwika nthawiyo, ndipo chinali ndi masamu ake otheka kuwayesa. Ubwino wake waukulu unali womwewo: chinkanena chimene chiyenera kuchitika ukaponya kanthu pa atomu, moti chinali chotheka kuchigwira bodza.

Miyala yoponya inapezeka mwangozi. Mu February 1896, Henri Becquerel ku Paris ankafuna kuona ngati mchere wa yureniyamu umatulutsa cheza ukaotha dzuwa. Kunja kunachita mitambo, iye n'kuika mcherewo m'dirowa pamodzi ndi mbale yojambulira zithunzi yokulungidwa m'pepala lakuda. Atatsuka mbaleyo anapeza kuti yadetsedwa ngakhale kunalibe dzuwa. Yureniyamu ankatulutsa cheza payekha. Marie ndi Pierre Curie anatsatira njira imeneyi n'kupeza poloniyamu ndi rediyamu mu 1898. Ernest Rutherford, mwana wa mlimi wa ku New Zealand amene anaphunzira pansi pa Thomson, anasiyanitsa mitundu ya chezacho n'kuitcha alpha ndi beta, ndipo pambuyo pake anasonyeza kuti tinthu ta alpha ndi maatomu a hiliyamu amene achotsedwa maelekitironi. Kanthu ka alpha kali ndi chaji ya pozitivu, n'kolemera kuposa elekitironi maulendo oposa 7,000, ndipo kamathamanga makilomita oposa 15,000 pa sekondi. Chipolopolo chabwino kuposa chimenechi panalibe.

Mu 1909 Rutherford anali ku Manchester, atalandira kale mphoto ya Nobel chaka chapitacho. Wothandiza wake, Hans Geiger wa ku Germany, ankayeza mmene tinthu ta alpha timapatukira pang'ono tikadutsa m'kachitsulo kopyapyala. Golide ankamukonda chifukwa amasulika mpaka kupyapyala kuposa tsitsi maulendo oposa 100. Njira yowerengera inali yozunza maso. Kanthu ka alpha kakagunda kagalasi kopakidwa mankhwala a zinki ndi sulufule, pamaoneka kakuwala kakang'ono kwambiri, kamene kamazima pompo. Munthu ankayamba wakhala mumdima kwa nthawi kuti maso azolowere, kenako n'kusuzumira pa maikulosikopu n'kumawerenga kuthwanimako kamodzikamodzi. Maso ankatopa msanga, moti ankasinthana.

Panali mnyamata wa zaka 20, Ernest Marsden, amene anali asanamalize n'komwe digiri yake. Pofuna kumupatsa chochita, Rutherford anamuuza kuti aone ngati pali tinthu ta alpha timene timabwerera mbali imene tachokera. Malinga ndi chithunzi cha chivwende, yankho linali lodziwikiratu. Pozitivu womwazika alibe mphamvu yobweza chinthu cholemera ndi chothamanga chotero, ndipo elekitironi ingangokankhidwira kumbali ngati ntchentche pamaso pa lole. Marsden anaika chotchinga cha mtovu kuti tinthu tisafike pa kagalasi mwachindunji, anaika chitsulo choti tigundepo, n'kusuzumira. Kuthwanima kunalipo.

Kunali kochepa. Pa tinthu 8,000, kamodzi kokha ndi kamene kankabwerera. Mabuku ambiri amanena nambala imeneyi ngati ya golide, koma Geiger ndi Marsden anaipeza pa pulatinamu. Golide anali chimodzi mwa zitsulo zingapo zimene anayesa, ndipo anaona kuti chitsulo cha maatomu olemera chimabweza tambiri kuposa chopepuka monga aluminiyamu. Munthu wina akanati kamodzi pa 8,000 ndi fumbi la m'chida, n'kupitiriza ntchito. Rutherford sanatero. Patapita zaka anafotokoza kuti zinali ngati waombera chipolopolo cha mzinga cha mainchesi 15 pa kapepala kopyapyala, chipolopolocho n'kubwerera kudzakugunda.

Apa m'pamene ine ndimaona kuti nkhani yonse yagona. Tinthu 7,999 timene sitinabwerere tinkagwirizana ndi Thomson. Kamodzi kaja ndi kamene kanagwetsa nyumba. Ndipo Rutherford sanathamangire kulengeza. Anakhala nazo pafupifupi zaka ziwiri akuwerengera. Anayamba waona ngati kubwererako kungachitike chifukwa cha kupatuka pang'onopang'ono kambirimbiri kophatikizana, masamu n'kukana: mwayi wake unali wochepa kwambiri kuposa kamodzi pa 8,000. Kanthuko kayenera kuti kankabwezedwa ndi kugunda kumodzi, ndipo chobweza chotero chiyenera kukhala cholemera, cha chaji yambiri, chounjikana pamalo ochepetsetsa. Mu 1911 anafalitsa yankho: chaji yonse ya mtundu umodzi ndi pafupifupi kulemera konse kwa atomu zili m'kaphata kakang'ono pakati, kamene timakatcha nyukiliyasi. Kwina konseko ndi kwa maelekitironi, ndipo kanthu ka alpha kamadutsako ngati palibe chilichonse.

Kuchepa kwa phatalo n'kovuta kukukhulupirira. Atomu itakula kufika pa bwalo la mpira, phata lake lingakhale ngati njere ya mapira pakati pa bwalolo, koma njere imeneyo ndi imene yanyamula zoposa 99.9 peresenti ya kulemera konse. Rutherford anaperekanso masamu onena kuchuluka kwa tinthu toyenera kupezeka pa ngodya iliyonse, ndipo Geiger ndi Marsden anabwerera mumdima muja n'kuwerenga kuthwanima koposa 100,000. Mu 1913 anatsimikiza kuti masamuwo akugwira. Tisaiwale kuti Hantaro Nagaoka wa ku Japan anali atanena kale mu 1904 kuti atomu ingafanane ndi pulaneti ya Saturn ndi mphete zake. Maganizo ake sanapite patali chifukwa analibe muyeso wowaikira kumbuyo.

Chithunzi chatsopanochi chinabadwa ndi matenda. Malamulo a magetsi amene ankadziwika, omwenso anathandiza kupanga wailesi, amati chinthu cha chaji chikamazungulira chimataya mphamvu ngati cheza. Elekitironi yozungulira phata iyenera kutaya mphamvu, kuyandikira, n'kugweramo m'kanthawi kochepa kwambiri kuposa gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi. Zikanakhala choncho, bwenzi kulibe madzi, mwala kapena munthu. Koma tilipo.

Panalinso chinthu china chimene chinkadikira kufotokozedwa. Mchere ukagwera pa lawi la gasi, lawilo limasanduka lachikasu. Waya wa kopa amalisandutsa lobiriwira. Elementi iliyonse ikatenthedwa imatulutsa mitundu yakeyake ya kuwala, ndipo kuwalako kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu sikutuluka utawaleza wathunthu koma timizere towerengeka. Haidirojeni ali ndi timizere tinayi tooneka ndi maso, kofiira kamodzi ndi tina topita ku buluu ndi pepo. Mu 1885 Johann Balmer, mphunzitsi wa masamu pa sukulu ya atsikana ku Basel, anapeza kachiwerengero kophweka kopereka malo a timizereto ndendende. Chifukwa chake sankachidziwa, ndipo kwa zaka 28 panalibe anachidziwa.

Niels Bohr wa ku Denmark, amene anakhala miyezi ingapo kwa Rutherford mu 1912, anamanga mavuto awiriwa pamodzi. Anabwereka maganizo a Max Planck a mu 1900 akuti mphamvu imabwera m'timagawo, n'kunena kuti elekitironi singakhale paliponse pamene yafuna. Ili ndi malo ake ololedwa, ngati masitepe a makwerero: ungaime pa sitepe yoyamba kapena yachiwiri, koma pakati pake palibe poponda. Ikakhala pa sitepe sitaya mphamvu. Ikatsika kuchoka pa sitepe yapamwamba, kusiyana kwa mphamvuko kumatuluka ngati kuwala kwa mtundu umodzi. Atawerengera masitepe a haidirojeni mu 1913, kachiwerengero ka Balmer kanatuluka kokha. Kunena zoona, Bohr sanafotokoze chifukwa chake elekitironi sigwera m'phata. Anangolamula kuti sigwa. Koma lamulo lakelo linkabereka manambala olondola, ndipo akatswiri sakanatha kulinyalanyaza.

Umboni wina unachokera ku Berlin mu 1914. James Franck ndi Gustav Hertz, mwana wa mchimwene wake wa Heinrich uja, ankathamangitsa maelekitironi m'nthunzi ya mekyule n'kumakweza magetsi pang'onopang'ono. Mphamvu ikakhala yochepa, maelekitironi ankagunda maatomu n'kudumpha osataya kanthu. Atafika pa mavoti 4.9, mwadzidzidzi anayamba kutaya mphamvu yawo yonse, ndipo zinabwerezanso pa 9.8. Atomu ya mekyule inali ngati wogulitsa wopanda chenji: umupatse ndalama yokwanira ndendende, apo ayi salandira. Chosangalatsa n'chakuti awiriwa poyamba anamasulira molakwa zimene anapeza, ndipo sankaganiza za Bohr n'komwe. Muyeso unali wolondola ngakhale eni ake anauwerenga mokhota.

Nthawi yomweyo Henry Moseley, wophunzira wina wa Rutherford, ankaombera maelekitironi pa zitsulo zosiyanasiyana n'kuyeza cheza cha X-ray chotuluka. Anapeza kuti chezacho chimasintha mwa sitepe imodziimodzi kuchoka pa elementi ina kupita pa yotsatira. Chimene chinkakwera ndi 1 nthawi iliyonse chinali chaji ya phata. Dmitri Mendeleev anasanja tebulo la maelementi mu 1869 potsata kulemera, ndipo malo ena ankachita kukakamiza kuti zigwirizane. Kobati, mwachitsanzo, ndi wolemera pang'ono kuposa nikelo koma khalidwe lake limamuika patsogolo. Moseley anasonyeza kuti chosanjira chenicheni ndi nambala ya chaji, ndipo anaonetsa mipata pa 43, 61, 72 ndi 75 pamene maelementi anali asanapezeke. Onse anadzapezeka. Iye sanaone: anaphedwa pankhondo ku Gallipoli mu August 1915 ali ndi zaka 27.

Masitepe a Bohr ankagwira bwino pa haidirojeni, wa elekitironi imodzi. Pa hiliyamu, wa maelekitironi awiri okha, masamu anayamba kuphonya. Chimene chinasoweka chinali chachilendo kuposa zonse zam'mbuyo. Mu 1924 Louis de Broglie ku Paris ananena kuti elekitironi, imene Thomson anasonyeza kuti ndi kanthu, ilinso ndi khalidwe la funde. Ngati ndi funde, masitepe aja amamveka: chingwe cha gitala chomangidwa mbali zonse chimalira mawu akutiakuti okha, ndipo funde lotsekeredwa pafupi ndi phata nalonso lingakhale m'maonekedwe owerengeka okha.

Umboni unabweranso kudzera m'ngozi. Mu 1925, ku labotale ya Bell ku New York, Clinton Davisson ndi Lester Germer ankaombera maelekitironi pa kachidutswa ka nikelo pamene chida chawo chinawonongeka, mpweya n'kulowa n'kudetsa nikeloyo. Kuti amuyeretse anamutentha nthawi yaitali, osadziwa kuti kutenthako kwasanja maatomu ake m'mizere yaikulu yolongosoka. Atayambiranso, maelekitironi sankamwazika mwachisawawa ngati kale; ankachuluka pa ngodya zina n'kuchepa pa zina, monga amachitira mafunde akakumana, pena kuwonjezerana pena kufafanizana. Pofika 1927 anali atatsimikiza kuti manambala akugwirizana ndi de Broglie. Chaka chomwecho ku Aberdeen, George Paget Thomson anapeza zofanana podutsitsa maelekitironi m'tizitsulo topyapyala. Ameneyu anali mwana wa J.J. Thomson. Bambo analandira Nobel mu 1906 pa ntchito yosonyeza kuti elekitironi ndi kanthu, mwana analandira mu 1937 posonyeza kuti ndi funde, ndipo palibe analakwa.

Masamu a Werner Heisenberg a mu 1925 ndi a Erwin Schrödinger a mu 1926 anachotseratu mizere yozungulira ija. Elekitironi ilibe msewu umene imayendamo. Chimene tingadziwe, monga anafotokozera Max Born, ndi mwayi woipeza pamalo akutiakuti tikayeza: apa mwayi ndi waukulu, apo ndi wochepa, pena palibiretu. N'chifukwa chake mabuku a m'makalasi apamwamba amajambula ngati kamtambo, kena kozungulira, kena ka mapiko awiri. Chimene chinapulumuka kwa Bohr ndi masitepe a mphamvu. Malimu a njinga aja amakhalabe pabolodi chifukwa ndi osavuta kujambula ndi choko, ndiponso amathandiza mwana kuwerenga maelekitironi a m'gulu lililonse. Ine sindiona vuto kuwaphunzitsa, bola mwana auzidwe kuti ndi mapu chabe.

Tibwerere ku phata, limene nalonso linali ndi ngongole yake. Mu 1919 Rutherford anafalitsa zimene anapeza poombera tinthu ta alpha mu mpweya wa naitirojeni: munkatuluka maphata a haidirojeni. Ndiye kuti phata la haidirojeni ndi njerwa imene ili m'maphata ena, ndipo analitcha pulotoni. Koma kuwerengera sikunkatheka. Hiliyamu ali ndi chaji ya mapulotoni awiri, koma amalemera ngati anayi. Komanso Thomson mu 1913, ndi Francis Aston pambuyo pake ndi chida chake chosiyanitsa maatomu potsata kulemera, anapeza kuti mpweya wa neon uli ndi maatomu olemera 20 ndi ena olemera 22, onse khalidwe limodzi. Dalton ankati maatomu a elementi imodzi ndi ofanana ndendende, apa zinakanika. Rutherford ananena mu 1920 kuti mwina muli kanthu kolemera ngati pulotoni koma kopanda chaji. Kukapeza kunali kovuta, pakuti zida zonse za nthawiyo zinkaona kanthu chifukwa cha chaji yake.

Mu 1930 Walther Bothe ndi Herbert Becker ku Germany anaona kuti beriliyamu akaombedwa ndi alpha amatulutsa cheza cholowerera kwambiri, chopanda chaji. Anachitenga ngati cheza cha gamma, chimene ndi mtundu wa kuwala. Mu January 1932, Irène Curie, mwana wa Marie, ndi mwamuna wake Frédéric Joliot anaika phula la parafini patsogolo pa chezacho, ndipo mapulotoni anathamangitsidwa kuchoka m'phulamo pa liwiro lalikulu. Iwonso anati ndi gamma. James Chadwick ku Cambridge atawerenga lipoti lawo sanakhulupirire. Ameneyu anali atasakasaka kanthu ka Rutherford kaja kwa zaka zoposa khumi. Kale anapita ku Berlin kukagwira ntchito ndi Geiger, nkhondo yoyamba ya padziko lonse n'kumupeza komweko, n'kukhala zaka zinayi m'ndende ya Ruhleben. Aliyense wosewera pool amadziwa kuti mpira umathamangitsa bwino mpira wolemera ngati iwo. Gamma pamaso pa pulotoni ali ngati kanjere ka mchenga, kamene sikangagubuduze mpirawo pokhapokha katakhala ndi mphamvu yosaneneka. Chadwick analozetsa chezacho pa haidirojeni, pa naitirojeni ndi pa mipweya ina, n'kuyeza liwiro la maphata okankhidwa. Poyerekeza manambalawo anapeza kulemera kwa chogundacho: pafupifupi kofanana ndi pulotoni. Ntchitoyi inamutengera pafupifupi milungu iwiri, ndipo mu February 1932 nyutironi inalengezedwa.

Ngongole zonse ziwiri zinalipidwa. Hiliyamu ali ndi mapulotoni awiri ndi manyutironi awiri. Neon wa 20 ndi wa 22 amasiyana manyutironi okha. Mapulotoni ndi amene amanena kuti elementi ndi iti. Manyutironi amasintha kulemera ndi kukhazikika kwa phata. Yureniyamu yense ali ndi mapulotoni 92, kaya akumbidwe ku Kayelekera m'boma la Karonga kapena ku Canada, koma pa maatomu 1,000 alionse, pafupifupi 993 ndi olemera 238 ndipo 7 okha ndi olemera 235. Kusiyana kwa manyutironi atatu kumeneku ndi kumene mayiko amakanganirana mpaka lero akamakamba zoyenga yureniyamu, chifukwa wa 235 ndi amene amasweka mosavuta.

Kuswekako kunadziwika chifukwa nyutironi inasanduka mwala watsopano woponya. Popeza ilibe chaji, phata siliikankha, imangolowa. Mu December 1938 ku Berlin, Otto Hahn ndi Fritz Strassmann anaombera yureniyamu ndi manyutironi akuyembekezera maelementi olemera, koma anapeza bariyamu, wa mapulotoni 56 okha. Hahn analembera Lise Meitner, mnzake wa ntchito wa zaka zambiri amene anali atathawira ku Sweden miyezi ingapo m'mbuyomo chifukwa cha malamulo a Nazi ozunza Ayuda. Meitner ndi Otto Frisch, mwana wa mchemwali wake, anazindikira kuti phata lang'ambika pawiri, ndipo anawerengera mphamvu yotuluka. Mphoto ya Nobel inapita kwa Hahn yekha, chinthu chimene ambiri amachiona ngati kulakwira Meitner. Zisanathe zaka 7, bomba linagwa pa Hiroshima pa 6 August 1945, ndipo yureniyamu wambiri wa ntchito yopanga mabomba oyambawo anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo.

Pulotoni nayo sinakhale yosadulika nthawi yaitali. Mu 1964 Murray Gell-Mann ndi George Zweig, aliyense payekha, ananena kuti mapulotoni ndi manyutironi angakhale opangidwa ndi tinthu titatu, timene Gell-Mann anatitcha ma quark. Ambiri ankaona ngati ndi njira yosungira masamu chabe. Kuyambira cha mu 1968, ku Stanford ku California, gulu la Jerome Friedman, Henry Kendall ndi Richard Taylor linathamangitsa maelekitironi m'chida chotalika makilomita atatu n'kuwaombera pa mapulotoni. Pulotoni ikanakhala yofanana monsemonse, maelekitironi ochepa kwambiri akanapatuka pa ngodya zazikulu. Anapatuka ambiri kuposa mmene ankayembekezera, ngati agunda timiyala tolimba m'kati. Ndi zomwe zija za Marsden, kungoti m'malo mwa maso a mnyamata mumdima munali makina akuluakulu ngati nyumba. Atatuwa analandira Nobel mu 1990.

Ku CERN, labotale yaikulu ya mayiko a ku Ulaya imene ili pafupi ndi Geneva, akuponyabe mpaka pano, m'ngalande yozungulira ya makilomita 27 imene mapulotoni amagundana okhaokha. Pa mphamvu zonse zimene zafikiridwa, elekitironi ndi quark sizinaonetse zam'kati: palibe mwala umene wabwerera m'njira yosonyeza kuti muli kanthu kena kobisala.